Kuwerenga chinthu chimodzi kawiri: kuchokera kwa Ibn al-Haytham kufika kwa Fubini

Wosunga buku la ngongole pagolosale amadziwa kanthu kena ngakhale sanakaphunzire kusukulu. Tsamba la buku lake lili ndi mayina a ogula kumanzere, ndipo masiku a sabata andandalikidwa pamwamba. Likafika Loweruka akhoza kuwonkhetsa ngongole ya munthu aliyense payekha, mzere ndi mzere mopingasa, kenaka n'kuphatikiza zonse. Akhozanso kuyamba ndi Lolemba, kutsika nalo mpaka pansi pa tsamba, n'kupita pa Lachiwiri, mpaka masiku onse atatha. Njira ziwirizi ziyenera kumufikitsa pa nambala imodzi. Zikasiyana amadziwa kuti penapake dzanja laphonya, ndipo amabwereza.

Mwana wa Sitandade 4 sangatsutse zimenezi. Koma akatswiri a masamu atachotsa kanthu kameneka pa tsamba la mizere yowerengeka, n'kupita nako pa zinthu zopanda mizere monga madzi kapena mulu wa mchenga, anaona kuti nthawi zina kamatsegula khomo limene lakanika, ndipo nthawi zina kamanama. Panadutsa zaka pafupifupi 900 kuchokera pamene Ibn al-Haytham, mbadwa ya ku Basra, anakagwiritsa ntchito mwaluso, kufikira mu 1907 pamene Guido Fubini wa ku Italy anaika malire a pamene tingakakhulupirire.

Tiyambe ndi nyanja yathuyi kuti tidziwe chimene tikukamba. Pamwamba pake ndi potambalala masikweya kilomita pafupifupi 29,600, ndipo pamalo akuya kwambiri, chakumpoto, pamafika mamita pafupifupi 700. Wofuna kudziwa kuchuluka kwa madzi onse sangangochulukitsa nambala ziwirizi, pakuti kuya kwa ku Nkhata Bay si kuya kwa kumwera kumene Shire amatulukira. Chimene angachite ndi kugawa pamwamba ponse m'timabwalo ting'onoting'ono, kuyeza kuya pa kabwalo kalikonse, kupeza madzi a pansi pake, n'kuphatikiza zonse. Timabwalo tikamachepera, yankho limayandikira choona. Nambala imene mayankhowo amalunjikako ndiyo imene a masamu amaitcha integral, ndipo popeza timabwaloto tayala mbali ziwiri, mulitali ndi mulifupi, amaitcha double integral. Kwa nyanja yathu nambalayo ndi makiyubiki kilomita pafupifupi 8,400.

Palibe amene angaphatikize timabwalo tonse nthawi imodzi. Mwina boti lidzidutsa nyanja mopingasa, kuchokera ku Nkhotakota kuloza gombe la Mozambique, kenaka lisunthire kumpoto pang'ono n'kudutsanso. Kapena lidziyenda mulitali, kuchokera kumwera mpaka kumpoto, n'kumasunthira kum'mawa. Ndi buku la ngongole lija ndithu: mayina kapena masiku. Kusiya njira imodzi n'kutenga inzake ndiko kumene mabuku a calculus amakutcha kusintha dongosolo la integral.

Anthu oyamba kuyeza zinthu zokhotakhota motere sankaganiza za nyanja. Ankalimbana ndi mzere wokhota wotchedwa parabola, wofanana ndi njira imene mwala umadzera ukaponyedwa m'mwamba chopendekera: umakwera, umafika pansonga, n'kutsika mbali inayo mofanana ndi mmene unakwerera. Agiriki anauphunzira kwambiri mzere umenewu. Apollonius anaulembera m'buku lake lalikulu, limene zigawo zake zitatu, chachisanu mpaka chachisanu ndi chiwiri, zinatayika m'Chigiriki ndipo zinapulumuka m'Chiarabu mokha. Mukazunguza parabola pa mzere woima umene umaigawa pakati, pamatuluka chinthu chonga mbale yakuya, chofanana ndi dishi yolandirira wailesi ya kanema. Archimedes wa ku Syracuse, amene anaphedwa mu 212 BC, anapeza kuti m'mbale yotere mumalowa theka lenileni la zimene zingalowe mu mgolo woongoka wofanana nayo kutalika ndi kukula kwa pakamwa.

Buku limene Archimedes analembamo zimenezi silinafike kwa omasulira a ku Baghdad, choncho ntchitoyo inayambidwanso. Anaiyamba Thabit ibn Qurra, amene anamwalira ku Baghdad mu 901. Iyeyu sanali Msilamu. Anali wa chipembedzo cha Asabi a ku Harran, ndipo anabweretsedwa mu mzindawo ndi mmodzi wa ana a Musa ibn Shakir ataona luntha lake pa zilankhulo. Thabit anafika pa theka lomwe lija, koma podzera njira yaitali ndi yotopetsa. Patadutsa zaka pafupifupi 100, Abu Sahl al-Quhi anaifupikitsa.

Abu Ali al-Hasan ibn al-Haytham anabadwa cha mu 965, n'kumwalira ku Cairo cha mu 1040. Ambiri timamudziwa chifukwa cha Kitab al-Manazir, buku lake la kuwala ndi kapenyedwe ka diso. Ibn al-Qifti, wolemba mbiri amene anamwalira mu 1248, amasimba kuti Khalifa al-Hakim anamuitanitsa ku Egypt atamva kuti wati akhoza kuweta madzi a Nile. Atafika kumtunda kwa mtsinjewo, cha ku Aswan, anaona kuti ntchitoyo siingatheke, ndipo poopa mkwiyo wa khalifa anadzichititsa misala kufikira al-Hakim atachoka padziko mu 1021. Pambuyo pake anakhala pafupi ndi al-Azhar, akudya za kukopera pamanja mabuku a Euclid ndi Ptolemy. Nkhaniyi inalembedwa patapita zaka 200, ndipo ili ndi kakomedwe ka nthano. Ntchito yake ya masamu yokha ndiyo tili nayo m'mawu ake enieni.

Parabola sinali yachilendo kwa iye, pakuti analembanso za magalasi oyatsa moto, amene amapindidwa motsatira mzere womwewu kuti kuwala kwa dzuwa kusonkhane pamalo amodzi. M'kabuku kake ka kuyeza chinthu chopangidwa ndi parabola, anatchula ntchito ya Thabit ndi ya al-Quhi, n'kunena kuti onse awiri anayeza mtundu umodzi wokha. Pali mtundu wachiwiri. Tengani theka la parabola, kuchokera pansonga kufika pansi, ndipo m'malo moizunguza pa mzere woima uja muizunguze pa mzere wogona umene yakhalapo. Chotuluka si mbale ayi. Ndi chinthu chotambalala mbali imodzi, chimene chimanka chiwonda mokhota mpaka kuthera pa kansonga. Kodi chimenechi chimadzaza gawo lanji la mgolo wochikuta? Archimedes sanafunse funso limeneli, ndipo panalibe amene anali ataliyankha.

Ibn al-Haytham anachidula m'timagawo topyapyala, tonga ndalama zachitsulo zosanjikizana. Apa ndi pamene panabuka vuto. Pa mbale ija, kuphatikiza timagawo kumangofuna kudziwa 1 + 2 + 3 + 4 ndi kupitirira, chinthu chimene anthu anali atachidziwa kalekale. Pa chinthu chatsopanochi pankafunika kuphatikiza nambala zodzichulukitsa kanayi: 1×1×1×1, 2×2×2×2, 3×3×3×3, ndiye kuti 1, 16, 81, 256 ndi zotsatira zake. Lamulo lophatikizira nambala zodzichulukitsa kawiri linalipo, la katatu linaliponso. La kanayi anayenera kulipeza yekha.

Tiyeni tikhalitse apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Lembani nambala monga masitepe:

1
1 + 2
1 + 2 + 3
1 + 2 + 3 + 4

Kuwerenga mopingasa, mizere ikutipatsa 1, 3, 6 ndi 10, zonse pamodzi 20. Tsopano tiwerenge motsika. Nambala 1 yaoneka kanayi, 2 katatu, 3 kawiri, 4 kamodzi: 4 + 6 + 6 + 4, ndiye 20 yemwe uja. Mpaka apa sitinapindule kanthu. Koma tifunse kuti: nambala iliyonse ikanati ioneke kasanu, pakusowa zingati? Nambala 1 yaoneka kanayi, ikusowa kamodzi. Nambala 2 yaoneka katatu, ikusowa kawiri. Nambala 3 ikusowa katatu, 4 ikusowa kanayi. Zosowazo ndi 1×1, 2×2, 3×3 ndi 4×4, nambala zodzichulukitsa kawiri, zimene sitinazilembe n'komwe. Zonse zikanaoneka kasanu tikanakhala ndi 5×10, ndiye 50. Tili ndi 20. Choncho 1 + 4 + 9 + 16 ayenera kukhala 30, ndipo ndi 30 ndithu.

Njira yomweyi imakwera. Mangani masitepe ndi nambala zodzichulukitsa katatu, 1, 8, 27 ndi 64. Mizere yopingasa ikupatsani 1, 9, 36 ndi 100, pamodzi 146. Zonse zikanaoneka kasanu zikanakhala 500. Zosowa ndi 1 mmodzi, ma 8 awiri, ma 27 atatu ndi ma 64 anayi, ndiye kuti 1, 16, 81 ndi 256, zodzichulukitsa kanayi zija. Kuchotsa 146 pa 500 kukutsala 354, ndipo wophatikiza 1 + 16 + 81 + 256 apeza 354.

Kuwerenga motsika kumavumbula nambala za sitepe yapamwamba. Kuwerenga mopingasa kumagwiritsa ntchito lamulo la sitepe yapansi, limene tili nalo kale. Poyerekeza ziwirizi, lamulo latsopano limatuluka. Ibn al-Haytham analinena m'mawu, pakuti zizindikiro za masiku ano kunalibe: tenga gawo limodzi mwa magawo asanu a nambala yaikulu, uwonjezepo gawo limodzi mwa asanu a 1, chulukitsa ndi nambalayo, chulukitsanso ndi nambalayo kuphatikiza theka, potsiriza chulukitsa ndi nambalayo yochulukitsidwa ndi yotsatana nayo, utachotsapo gawo limodzi mwa atatu. Pa 4 zimenezi ndi 1 × 4 × 4½ × 19⅔, ndipo yankho ndi 354. Masitepe tawajambulawa ndi njira yathu yoonetsera mfundo yake; iye anaifotokoza ndi ziganizo, akugwiritsa ntchito nambala 4 monga chitsanzo, koma mwanjira yoti wowerenga aone kuti igwira pa nambala ina iliyonse.

Ndi chida chimenechi m'manja, anabwerera ku chinthu chansonga chija. Tichidule m'magawo 4. Kukula kwa kagawo kalikonse kumatsatira 16 kuchotsa 0, 1, 4 kapena 9, yankholo n'kulichulukitsa ndi ilo lomwe: 256, 225, 144 ndi 49. Mgolo wochikuta ndi 256 kanayi, ndiye 1,024. Tikatenga timagawo tonse tinayi, timatuluka kunja kwa chinthucho pang'ono ndipo tikupatsa 674. Tikasiya kakakulu koyamba, totsalato timakwanira m'kati ndipo tikupatsa 418. Choona chili pakati pa ziwirizi. Tikadula magawo 10, mgolo ndi 100,000, zakunja ndi 58,333, zam'kati 48,333. Mpata wa pakati nthawi zonse ndi kagawo kamodzi ka mgolo, ndipo umanka uchepa pamene timagawo tikupyapyala. Ibn al-Haytham anatsimikiza ndi malamulo ake aja kuti, kaya mudule kangati, pali nambala imodzi imene imakhalabe pakati: magawo 8 mwa magawo 15 a mgolo. Pa 1,024 ndi 546 ndi kanthu. Pa 100,000 ndi 53,333 ndi kanthu. Kenaka anatseka nkhani monga ankatsekera Agiriki: anasonyeza kuti kunena kuti chinthucho n'chachikulu kuposa 8 mwa 15 kumadzitsutsa, kunena kuti n'chaching'ono kumadzitsutsanso.

Pali ena amene, pokonda mbiri ya ophunzira a Chisilamu, amafulumira kunena kuti Ibn al-Haytham ndiye anayambitsa calculus zaka 600 Newton asanabadwe. Ife tikuona kuti kutero n'kumuveka mkanjo wa mwini. Calculus ndi njira imodzi yoyankhira mafunso ambirimbiri, ndipo pamtima pake pali mgwirizano wa pakati pa kuyeza kukula kwa chinthu ndi kuyeza liwiro la kusintha kwake, umene unaoneka m'zaka za m'ma 1600. Iye anali ndi funso limodzi. Njira yake ikanatha kukwera pa kasanu, kasanu ndi kamodzi, mpaka kulikonse, koma anaima pa kanayi chifukwa ndi pamene funso lake linathera. Chimene anachitadi n'chokwanira pachokha: anayeza chinthu chimene Archimedes sanayeze, ndi umboni wopanda mng'alu.

Kitab al-Manazir inamasuliridwa m'Chilatini cha m'ma 1200, n'kusindikizidwa ku Basel mu 1572, ndipo Azungu anamudziwa mwini wake ndi dzina lakuti Alhazen. Kabuku ka parabola kanatsalira m'Chiarabu, m'mabuku olembedwa pamanja. Motero funsolo linabadwanso ku Ulaya, ndipo linabadwira pamalo oseketsa. Mu 1613 Johannes Kepler, katswiri wa nyenyezi, akugula migolo ya vinyo ya m'nyumba mwake ku Linz, anadabwa kuona wogulitsa akuyeza mgolo uliwonse pongolowetsa ndodo mopendekera pa kabowo, osalabadira kuti wina ndi wamimba, wina wowonda. Mu 1615 anatulutsa buku loyeza migolo ndi zinthu zina zambiri zozungulira, ndipo zina mwa izo anazisiya osaziyankha. Chimodzi chinali parabola yozunguzidwa pa mzere wogona. Anachiyankha Bonaventura Cavalieri wa ku Bologna, ndipo anapeza 8 mwa 15, atadutsanso pa nambala zodzichulukitsa kanayi. Madzi saiwala khwawa.

Cavalieri ankati malo afulati tiwaone ngati nsalu yolukidwa ndi ulusi wondondozana, ndipo chinthu chokhala ndi thupi tichione ngati buku la masamba osanjikizana. Wosoka aliyense angamukumbutse kuti nsalu ili ndi ulusi wa mbali ziwiri, woima ndi wopingasa, ndipo ungawerenge uliwonse umene wafuna. Gottfried Leibniz atapanga chizindikiro cha ∫ mu 1675, chimene ndi chilembo cha S chotalikitsidwa, sipanachedwe kuti anthu ayambe kulemba ziwiri moyandikana. Leonhard Euler, ali ku St Petersburg maso atayamba kale kumuthawa, analemba nkhani yonse ya ma double integral imene inasindikizidwa mu 1770, ndipo m'menemo ankayamba ndi x kapena ndi y monga zamukomera.

Chifukwa chimene munthu amasinthira dongosolo chimaoneka bwino m'chitsanzo chimene ophunzira uinjiniya ndi sayansi amakumana nacho m'zaka zawo zoyamba kuyunivesite. Taganizirani munda wa makona atatu. Ngodya yake imodzi ili kumwera chakumadzulo. Kuchoka pamenepo malire amodzi aloza kumpoto kilomita imodzi, ena apendekera kumpoto chakum'mawa, ndipo kumpotoko munda watambalala kilomita imodzi. Mtunda wopita kum'mawa tiutche x, wopita kumpoto tiutche y. Pamundapo pathiridwa mchenga umene kuya kwake kumadalira y yekha, motsatira e^(y²), pamene e ndi nambala ya pafupifupi 2.718. Kumwera mchenga ndi wakuya muyeso 1, kumpoto 2.718. Mchenga wonse ndi wochuluka bwanji?

Woyenda mizere yoloza kumpoto, pa x aliyense ayenera kuphatikiza e^(y²) kuchokera pa y wofanana ndi x kufika pa 1. Pomwepo waima. Si kuti nzeru zamuchepera: Joseph Liouville wa ku France anatsimikiza m'zaka za m'ma 1830 kuti integral ya e^(y²) siingalembedwe ndi zida wamba za masamu. Koma woyenda mizere yopingasa apeza kuti pa mzere uliwonse kuya kwa mchenga sikusintha, ndipo mzere wa pa y ndi wautali y, kuchokera pa x wa 0 kufika pa x wofanana ndi y. Choncho mzerewo wasenza y × e^(y²), ndipo imeneyi integral yake ndi yodziwika, theka la e^(y²). Yankho ndi theka la e kuchotsa theka la 1, pafupifupi 0.859. Ndi masitepe aja ndithu: nambala yosasintha, yochulukitsidwa ndi maulendo amene yaonekera. Pamene ophunzira ambiri amagwera ndi pa malire. Amasinthanitsa x ndi y koma nambala za malire n'kuzisiya mmene zinalili, ngati munda wa makona atatu ndi wa makona anayi. Wojambula munda asanalembe kanthu sagwa m'mbuna imeneyi.

Kwa zaka zambiri palibe amene ankakayika kuti njira ziwirizi zimagwirizana nthawi zonse. Mu 1814 Augustin-Louis Cauchy, ali mnyamata wa zaka za m'ma 20, anapereka ku bungwe la asayansi ku Paris nkhani yosonyeza kuti pamene chinthu choyezedwa chikukula mopanda malire pamalo ena, dongosolo likhoza kusintha yankho. Chitsanzo chimene mabuku amakonda lero ndi (x² − y²) kugawa ndi (x² + y²)², pa bwalo la makona anayi la 1 mulitali ndi 1 mulifupi. Kuyamba ndi y kumapereka pafupifupi 0.785, kuyamba ndi x kumapereka nambala yomweyo koma ya ngongole, −0.785. Palibe dzanja laphonya. Njira zonse ziwiri zatsatidwa molondola.

Zimatheka bwanji? Tibwerere ku buku la ngongole, koma tsopano likhale lopanda tsamba lomaliza. Tsiku loyamba munthu woyamba walandira K1,000 kwa wachiwiri. Tsiku lachiwiri wachiwiri walandira K1,000 kwa wachitatu. Tsiku lachitatu wachitatu walandira kwa wachinayi, ndipo zikupitirira motero osaleka. Kuwerenga ndi masiku, tsiku lililonse wina wapeza K1,000 wina wataya K1,000. Zonse pamodzi ndi 0. Kuwerenga ndi mayina, woyamba ali ndi K1,000, wachiwiri anapereka n'kubwezeredwa, wachitatu chimodzimodzi, aliyense ali pa 0. Zonse pamodzi ndi K1,000 yochokera kumene kulibe. Mndandanda ukakhala ndi mathero, womaliza ndiye amalira, ndipo K1,000 yake yotayika imabwezera buku pa 0. Ukakhala wopanda mathero, womalizayo sapezeka. Amene anaonapo magulu olonjeza phindu lochokera m'ndalama za olowa pambuyo adzaizindikira nkhaniyi. Kusiyana kwake n'kwakuti m'mudzi anthu amatha, ndipo womaliza amakhalapo ndithu.

Bodza, tsono, limalowera pamene zopeza zilibe malire ndi zotaya zilibe malire, n'kumafafanizana. Dongosolo limene mwasankha ndilo limalamula kuti chafafaniza chinzake n'chiti. M'zaka zonse za m'ma 1800 akatswiri ankaika malamulo apa ndi apo, lililonse logwira pa mtundu wake wa integral, koma lamulo limodzi lokuta zonse linkasowa, chifukwa tanthauzo lenileni la integral linali lisanakhazikike mokwanira. Analikhazikitsa Henri Lebesgue mu 1902. Iye mwini anafanizira njira yake ndi wamalonda wowerenga ndalama. Wina amaziwerenga mmene zikutulukira m'thumba. Wina amayamba waika ma K500 pawokha, ma K1,000 pawokha, ma K2,000 pawokha, n'kuwerenga mulu uliwonse. Wachiwiriyo ndiye Lebesgue, ndipo tingaone kuti nayenso akuwerenga chinthu chimodzi m'njira ina.

Pa maziko amenewa Guido Fubini, mbadwa ya ku Venice, ali ndi zaka 28, anasindikiza ku Accademia dei Lincei ku Rome nkhani ya masamba ochepa mu 1907. Mfundo yake tingainene motere: iwalani kaye kuti izi n'zopeza, izi n'zotaya; ziwerengeni zonse ngati zopeza. Ngati zonsezo pamodzi zili ndi malire, sinthani dongosolo mmene mungafunire, yankho silisintha. Mndandanda wa ngongole uja ukulephera mayeso amenewa poyera, chifukwa tsiku lililonse ukuwonjezera K2,000 mpaka kalekale. Mu 1909 Leonida Tonelli, wa zaka 24, anawonjezera mbali imene wogwira ntchito amaifuna kwambiri: ngati pa zoyezedwazo palibe nambala ya ngongole n'komwe, njira ziwiri zimagwirizana nthawi zonse, ndipo imodzi ikapereka yankho lopanda malire, inzake iteronso. Choncho munthu amayamba ndi Tonelli kuti aone ngati zonse zili ndi malire, kenaka n'kuitana Fubini. Kuya kwa nyanja ndi mchenga wa m'munda uja sizikhala za ngongole, ndipo n'chifukwa chake boti lingayambire mbali iliyonse.

Fubini anasamukira ku Turin mu 1908 n'kuphunzitsa kumeneko zaka 30. Ntchito yake yaikulu inali m'nthambi ina ya masamu, ndipo lamulo limene lanyamula dzina lake m'makalasi a dziko lonse ndi kachigawo kakang'ono ka zimene analemba. Anali Myuda. Mu 1938 boma la Mussolini linakhazikitsa malamulo atsankho amene anachotsa Ayuda m'masukulu ndi m'mayunivesite, ndipo iye anataya mpando wake. Mu 1939 anafika ku Princeton, ku America, pamodzi ndi banja lake, n'kumwalira ku New York mu 1943.

Pamene Fubini ndi Tonelli ankalemba, kabuku ka Ibn al-Haytham kanali kasanalowe m'chilankhulo chilichonse cha ku Ulaya. Heinrich Suter, mphunzitsi wa masamu wa ku Switzerland amene anaphunzira kuwerenga mabuku akale a Chiarabu, anakamasulira m'Chijeremani cha mu 1912, ndipo ndi pamene olemba mbiri ya masamu anaona kuti 8 mwa 15 ya Cavalieri inali itapezeka zaka 600 m'mbuyomo. Mu 1993 mawu ake a Chiarabu anasindikizidwa ku London, pamodzi ndi kumasulira kwa Chifalansa ndi ndemanga, m'buku lokonzedwa ndi Roshdi Rashed, katswiri wa mbiri ya sayansi wobadwira ku Cairo.